Ndidzakonza Mawa

Lolemba nkhungu inatsikira ku Luwinga osafuna kuchoka.
NyaLuhanga anaika kalata pa desiki yanga, osakhala pansi:
bodi yagwirizana, tikusamuka.
Osati nyumba ayi, nyumba ndi yomweyi,
denga lodontha pa kona yomwe ija.
Tikusamuka chiyankhulo.

Zaka khumi ndi zinayi ndachiyankhula ndi zala.
Ndinachiphunzira pa kompyuta ya eni ku Katoto,
intaneti yolipira pa mphindi,
buku lofotokopa lopanda masamba oyamba.
Ndi chimenecho ndinamanga webusaiti ya alimi a khofi,
mlimi wa ku Misuku n'kumaona kulemera kwa matumba ake
osakwera basi.
Masiku amenewo ukachitchula anthu ankakupatsa mpando.

Lero ana a ku yunivesite amafunsa dzina lake kawiri.
Tinalengeza ntchito mwezi wathunthu,
kunabwera anthu makumi atatu, wochidziwa panalibe.
Mmodzi anati anachionapo pa mayeso a chaka choyamba,
funso la mamalikisi awiri.

Laisensi yake imafuna madola,
ndipo kwacha chaka chilichonse imafika ku banki itaonda.
Eni ake kutsidya kwa nyanja anagulitsa kampani,
ogulawo anagulitsanso,
tsopano ukadandaula amakuyankha ndi makina aulemu kwambiri.
Mu Juni akuba analowera pa bowo limene aliyense ankalidziwa
koma wolitseka kunalibe.
Sanabe ndalama.
Anangosiya chithunzi cha chigaza pamene panali mitengo ya khofi,
ine n'kugona muofesi masiku atatu, majekete awiri,
ndikusoka chigamba pamwamba pa chigamba.

Sindikukana.
Sipeya ikasowa mumsika monse
wakabaza saika maliro, amasaka njinga ina.
Koma njinga sulota nayo mawu.
Ine pakati pa usiku ndimadzuka nditapeza cholakwika
m'chiyankhulo chimene mkazi wanga sanachimvepo.

Temwanani, mtsikana amene tamulemba ntchito,
amawerenga mizere yanga atagwira kapu ya tiyi ndi manja onse.
Akuti alimi akufuna zonse pa foni, ndalama zizilowa pompo,
ndipo chakalechi kuti chimvane ndi foni
chimafuna womasulira,
womasulirayo nayenso wake womumasulira.
Akunena zoona. N'chifukwa chake zikuwawa.

Lachinayi madzulo anandiitana:
A Harawa, apa munkatanthauza chiyani?
Mzere wa 2,316, kandemanga kanga pakati pa khodi:
"Ndidzakonza mawa."
Ndinayang'ana deti.
Ndi usiku uja foni inalira kuchokera kuchipatala,
ndinasiya zonse zili chiyakire, n'kuthamanga mvula ikuwaza,
kukafika Uchizi atalira kale.
Mawa lija lili Fomu 1 tsopano,
limavala nsapato zoposa zanga,
ndipo mzerewo wagwira ntchito zaka zonsezi uli wopindika,
kuwerengera anthu ndalama zawo osaphonya tambala.

Ndifufute? anafunsa.

Mu Mzuzu muno kusintha lilime sinkhani:
Chitumbuka pogula nthochi, Chichewa pokangana ndi kondakitala,
Chingerezi popempha ngongole.
Palibe amalira nazo.
Nanga ine mmero wauma chifukwa chiyani?

Fufuta, ndinatero. Koma uyambe wakonza.
Anakonza pa mphindi zisanu ndi ziwiri,
mizere itatu m'malo mwa makumi anayi anga.
Ndinati yewo. Iye sanadzitame.
Anangoti chatsopanochi nachonso akuti chayamba kutuluka imvi,
ku Lilongwe ena ayamba kale kuchinyoza.

Tinatseka ofesi magetsi atathima okha.
Panja kunkazizira mpaka m'mano.
Ndinakwera kabaza wa ku Chibavi, chikwama pamiyendo,
m'katimo buku limene Temwanani wandibwereka.
Ili lili ndi masamba onse oyamba.
Ndafika tsamba lachinayi,
pamene amaphunzitsa makina kunena moni.